Funsani Amalume: Za kutengera ana kokasaka

Moni nonse a ku Mbare, Mufakose, Dzivaresekwa, Mabvuku, Epworth ndi kwina konse komwe mukuwerengera. Chimanga chalowa mmatumba, udzu wayamba kuuma, nde mwezi uno mafunso ambiri omwe afika pa WhatsApp ndi a ulenje, makamaka makolo ofuna kutengera ana kutchire. Ndasankhapo angapo, ena ndawadula pang'ono chifukwa anthu inu mukayamba kulemba simupuma.

FUNSO: Amalume, ine ndili ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 12 ndi mtsikana wa zaka 9. Agogo anga anachoka ku Dedza nthawi ya chitaganya kudzagwira ntchito mmafamu cha ku Mazowe ndipo amati anali mlenje woopsa, koma ine ndinabadwira mtauni, nyama zakutchire ndimaziona pa TV basi. Ndikufuna anawa adziweko zomwe makolo awo ankachita. Ndiyambire pati, nanga mfuti yabwino yoyambira ndi iti ndipo ndikaigule kuti? (Bambo wa ku Mufakose)

YANKHO: Achimwene, maganizo anu ndi abwino koma mwathamangira kusitolo msanga. Choyamba dziwani kuti mu Zimbabwe muno nyama iliyonse yomwe mukuiona kutchire ili ndi munthu kapena ofesi yomwe ikuilamulira, ngakhale kalulu amene. Lamulo la Parks and Wild Life Act la 1975 linapereka mphamvu imeneyo kwa mwini malo, nde pa famu ndi mwini famu, kenako mu 1982 analikonza kuti makhonsolo akumidzi nawonso azipatsidwa mphamvu zomwezo, ndipo mpomwe panadzachokera CAMPFIRE, ndondomeko ija yoti anthu akumidzi azipindula ndi nyama zakutchire za kwawo, yomwe inayamba mu 1989 ku Nyaminyami ndi ku Guruve. Malo a boma osungira nyama ali mmanja mwa ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama zakutchire. Ku Hwange, Mana Pools kapena Gonarezhou munthu wamba sasakako, nkhani yatha pomwepo. Kumene amasaka ndi malo ngati Matetsi, Chewore ndi Dande koma uko nkwa anthu amatumba olemera, alendo ochokera ku America ndi ku Europe omwe amalipira madola masauzande pa njati imodzi, inu ndi ine sikoyambira kumeneko. Kwathu ife ndi pa famu ya munthu yemwe ali ndi nyama zake ndi mapepala ake, mugwirizane mtengo, akuuzeni nyama yomwe mwaloledwa ndipo akulembereni pa pepala, osati zogwirizana ku bawa mowa uli pakati. Mkango uja Cecil utaphedwa pafupi ndi Hwange mu July 2015, zomwe zinakafika kukhoti linali funso la mapepala lomweli, nde ngati anthu andalama anatuluka nazo thukuta kuli bwanji ife okwera kombi.

Za mfutiyo, lamulo lake ndi Firearms Act ndipo satifiketi imachokera ku polisi. Amakudindani zala kuti aone ngati mulibe milandu, amafuna chifukwa chomveka chomwe mukuifunira, komanso amafuna adziwe muzikaisunga pati, kabati yachitsulo yokhoma, osati kuseri kwa wadirobu kapena pansi pa matilesi. Kalata ya mwini famu yoti muzikasaka kwake imathandiza. Zimatenga nthawi musadabwe. Wina akakunong'onezani ku Mbare kuti ali ndi kamfuti kotchipa kopanda mapepala thawani osacheuka, simukudziwa kanapita kuti kamfutiko ndipo tsiku lomwe adzakupezeni nako mafunso onse adzakhala anu.

Koma inetu ndikanakhala inu, chaka chino chonse sindikanagula mfuti. Inuyo simunasakepo, nde muziphunzira nokha uku mukuphunzitsanso ana awiri ali mmbuyo mwanu chipolopolo chili mkati? Ayi achimwene. Ulenje wambiri ndi kuyenda, kuyang'ana pansi ndi kutseka pakamwa, ndipo zimenezi mwana angaziphunzire konkuno ku Harare ndi ndalama ya kombi ndi ya pageti basi. Mukuvisi Woodlands ili mkati mwenimweni mwa tauni ndipo muli mbidzi, impala, ntchefu ndi akadyansonga. Kuli Haka Game Park ku Cleveland Dam panjira ya ku Mutare. Kuli Lake Chivero panjira ya ku Bulawayo komwe kuli ndi zipembere zomwe, kungoti ana asamasewere mmadzi amenewaja, mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi owonongeka a mnyanjamo. Malo onsewa simusaka, mukupita kukaphunzira, ndipo muziyenda momwe eni ake akulolezani.

Mukafika musamangoti taonani mbidzi iyo kenako kujambula pa foni nkubwerera. Gwadani pansi ndi anawo. Aone phazi la impala ndi la njiri kusiyana kwake, aone ndowe za lero ndi za dzana, aone udzu womwe wangodyedwa kumene mmene umakhalira wauwisi podukapo pomwe wadzulo wafota kunsonga. Thirani phulusa mkasokosi kakale, mwana azikagwedeza aone komwe phulusalo likulowera, chifukwa nyama imamva fungo lanu inu musanaione nkomwe, mlenje amayenda mphepo ikumuwomba kumaso. Kenako pikisanani kuti ndani akhale chete nthawi yaitali pansi pa mtengo osakanda mwendo osafunsa kuti tidya nthawi yanji. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo mudzadabwa kuti mwina wodekhayo ndi mtsikanayo, nde musamusiye kunyumba akutsuka mbale poti ndi wamkazi.

Zikatere pezani munthu wodziwa, wa mapepala ake, mupite naye nokha kaye opanda ana. Kuli bungwe la Zimbabwe Hunters Association, kapena funsani kuntchito ndi kutchalitchi, alenje sabisika amadzitama okha. Munyamulireni madzi, muone mmene amagwirira mfuti, mmene amatumbulira nyama. Kuwombera kukaphunzireni pa malo ophunzirira kuwombera, pa pepala, ndi kamfuti ka .22 komwe sikakankha phewa, ndipo mwana akamayesa pakhale mphunzitsi pambali pake. Makutu atsekeni ndithu, kulira kwa mfuti yosakira kumapitirira ma decibel 140 ndipo khutu la mwana likawonongeka silibwereranso.

Malamulo a mfuti ana awaloweze mpaka aziwanena kutulo. Mfuti iliyonse ili ndi chipolopolo ngakhale mwini wake alumbire kuti mulibe. Kukamwa kwake kusaloze munthu ngakhale mocheza, chala chikhale kunja mpaka nthawi yowombera itakwana, ndipo podumpha waya kapena polowa mgalimoto zipolopolo zituluke kaye. Lomwe anthu amaliiwala kwambiri ndi loyang'ana chomwe chili kuseri kwa nyamayo. Mmafamu masiku ano mwadzaza anthu, ana oweta ng'ombe, amayi otola nkhuni, makorokoza, okumba golide aja, ali mmaenje mwawo, ndipo kachipolopolo ka .22 komwe mukukaderera kamatha kuuluka kupitirira kilomita. Chinthu chikungogwedezeka mu udzu simunachione bwino, chisiyeni chipite.

Nyama yoyambira ndi nkhanga kapena njiwa ndi mfuti ya chifefe, mukazolowera ndiye impala kapena njiri ndi mfuti ya .243 kapena .308, kuloza kuseri kwa mwendo wakutsogolo komwe kuli mtima ndi mapapo. Mukailasa nkuthawa ndi udindo wanu kulondola magazi mpaka muipeze ngakhale njala ikupweteke, ana aone zimenezo. Yaikazi yomwe ili ndi mwana isiyeni. Nthawi yabwino ndi kuyambira May mpaka cha mu August kukuzizira, nyamukani mbandakucha, dzuwa likamatentha mwabwerera, mwana wa zaka 9 sangayende tsiku lonse ndipo mukamutopetsa ulendo woyamba sadzafunanso. Chipewa, madzi ambiri, thalauza lalitali, pobwera muwayang'ane nkhupakupa mkhwapa ndi kuseri kwa mawondo. Ku chigwa cha Zambezi mwezi wa October kumatentha kupitirira madigiri 40 komanso kuli malungo, ana a ku Harare matupi awo sanawazolowere, kumeneko dikirani akule.

FUNSO: Amalume ndithandizeni, mwana wanga wa zaka 10 wamaliza mbalame zonse za mulaini mwathu ndi legeni, sabata yatha waswa windo la aneba. Bambo ake mmalo momukalipira akuti amugulire mfuti ija ya mphepo ya mapeleti kuti akule ngati mwamuna. Ine mtima wanga ukukana, kodi ndikulakwitsa? (Mayi wa ku Dzivaresekwa)

YANKHO: Mayi simukulakwitsa olo pang'ono. Mfuti ya mapeleti si chidole, imaboola diso, ndipo ikalunjika pa mutu wa kamwana kakang'ono imapha. Tangoonani mmene nyumba zathu zinamangidwira, khomo lanu ili la aneba ili, ana ali yakaliyakali mumsewu, nde peleti ikaphonya njiwa ikatera kuti? Chinanso, zina mwa mfuti zimenezi ukaziona patali sungazisiyanitse ndi zenizeni, ndi mmene nkhani za achifwamba zilili mtauni muno sindingafune mwana wa munthu azithamanga nayo madzulo.

Legeniyo musamulande, dzanja ali nalo ndipo nchinthu chabwino, chomwe alibe ndi malire. Muikireni zitini kuseri kwa nyumba moyang'anizana ndi khoma azilasa zimenezo. Mbalame akaipha aikosole yekha, aiotche yekha ndi kuidya, mudzaona kuti zopha tinamzeze ndi timba zachepa chifukwa mulibemo nyama. Kadzidzi asamuyandikire, anthu amamuda chifukwa cha zamatsenga koma ndi amene akutithera makoswe mmalaini muno. Zisa ndi mazira asakhudze. Windolo alipire ndi thukuta lake, akasese pabwalo pa anebawo kapena awatungire madzi ku mjigo mpaka mtengo wa galasi ukwane, bambo ake asangotulutsa ndalama mthumba nkumaseka kuti mwana wanga ndi dolo.

Bambowo akaumirirabe, auzeni mwaulemu kuti asanagule akafunse kaye ku polisi za mtundu womwe akufunawo, ikabwera izikhala yokhomeredwa makiyi ali ndi iwowo, ituluke pokhapokha apita kumunda kapena ku famu ali limodzi, mwana atavala magalasi oteteza maso. Ndipo afunseni kuti Loweruka lililonse azipezeka? Chifukwa abambo ambiri amagula chinthu nkusiyira mayi mavuto ake iwo ali ku mpira ku Rufaro.

FUNSO: Ine ndine nkhalamba, ndinakulira ku Ntcheu tikukumba mbewa. Adzukulu angawa akaona mbewa amachita nseru amati ndi makoswe. Ndikufuna tchuthi cha August ndiwatenge ndikawaphunzitse kukumba koma mpongozi wanga akuti ndiwapatsa matenda komanso a boma andigwira. Zoona zimenezi? (Agogo a ku Epworth)

YANKHO: Agogo, funso lanu landisangalatsa kuposa onse, chifukwa sukulu yeniyeni ya ulenje kwa ife ndi imeneyi, alenje ambiri a kwathu anayambira pa una wa mbewa khasu lili mmanja. Zonse zomwe ndawauza achimwene a ku Mufakose pamwambapa inu mukuzidziwa kale. Mwana akadziwa kuona mpita mu udzu, kudziwa una wokhalamo ndi wakale poona dothi ndi mankhusu pakhomo pake, kufufuza pofumbukira nkuikapo mnzake adikire ndi kamtengo, kutsata una ukamakhota osautaya mpaka kufika pa funkha, ameneyo nyama yaikulu sidzamuvuta. Muwaonetsenso kutchera diwa, ndi njira ija ya ndowa ya madzi yokhala ndi waya pamwamba ndi chitini chozungulira chopaka chiponde, anyamata amaikonda chifukwa mmawa amathamangira kukaona zomwe zagweramo. Akadzalawa kapuku wonona uja zonena kuti makoswe zidzatha zokha. Ndipo asamachite manyazi kuti nzachimalawi, anzathu a Chishona mbewa amadya ndithu, ndipo adzukuluwo akadzapita kumudzi adzaona okha anyamata ataimika mipani mmbali mwa msewu wa M1 magalimoto apamwamba akuima kugula.

Koma apongozi anuwo musawanyoze, mbali ina akunena zoona. Ku Ntcheu munkakumba mmunda wa chimanga ndi mtedza kutali ndi zonyansa. Kuno madambo ambiri a mtauni mumadutsa madzi a masuweji ophulika, zinyalala zili mulu mulu, ndipo mankhwala a makoswe akugulitsidwa pa kona iliyonse nde simungadziwe kuti kanyama kakuyenda mofooka kadya chani. Zapafupi ndi nyumba, ndi kudzala, ndi mmbali mwa ngalande zisiyeni. Kwerani kombi mutuluke, cha ku Goromonzi, ku Seke kapena ku Domboshava, kumunda kwa munthu yemwe mukumudziwa, mupemphe kaye ndipo mukamaliza kwirirani maenje, ng'ombe ya mwini ikathyoka mwendo ubale utha. Yomwe mwaipeza yofa kale musatole.

Dzanja la mwana lisalowe ku una, ndikubwereza agogo, lisalowe. Mauna omwewo njoka zimabisalamo nyengo yozizira, apisemo kamtengo ndipo wokumba akhale mmodzi enawo aime patali ndi khasu. Mphiri ndiye siithawa munthu imangogona phee panjira, nde azivala nsapato osati mapatapata.

Za a bomazo, chomwe chingakugwiritseni ndi moto. A EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, chaka ndi chaka amatchula osaka mbewa pa anthu oyambitsa moto wolusa, ndipo August ali mkati mwa miyezi yomwe kuyatsa tchire nkoletsedwa, mphepo yake mukuidziwa. Moto wa machesi amodzi umatha msipu wa mudzi wonse, nyumba zaudzu, nthawi zina ndi anthu omwe, ndipo pali chindapusa kapena ndende. Zotentha tchire kuti mauna aoneke, kapena kufukiza utsi ku una, adzukulu asaphunzire nkomwe, machesi atsale kunyumba.

Pokonza mukudziwa kale kuposa ine, kutumbula, kuwiritsa ndi mchere mpaka zipse bwinobwino, kenako kuwamba ziume gwa. Chowonjezera changa nchoti ana asambe mmanja ndi sopo akamaliza, ndipo mpani woyamba mukapatse apongoziwo, kaya akakana nzawo.

FUNSO: Mlamu wanga amakhala pa pulazi cha ku Beatrice, akuti zamapepalazi nzotaya nthawi, tingotchera mawaya kenako usiku titenge agalu ndi tochi ana akaonere. Akuti aliyense kumeneko amatero. Ndipite nawo? (Wowerenga wa ku Mabvuku)

YANKHO: Musapite, ndipo ana asapite. Zimenezo dzina lake ndi kuba nyama, ndipo khwekhwe la waya ndi loletsedwa ndi lamulo, kungopezeka mwatchera ndi mlandu kale. Waya sasankha, agwira gwape, agwira galu, agwira mwana wa ng'ombe wa aneba, ndipo chomwe wagwira chimafa pang'onopang'ono ndi ludzu mwendo ukudukira mkati, zambiri zimaolera pomwepo otcherayo ataiwala komwe anaika. Nde mwana aphunzirepo chani pamenepo? Ikakodwa ng'ombe ya munthu alamu anuwo nkuti tiyeni tigawane, dziwani kuti kuba ng'ombe mdziko muno chilango chake chimayambira zaka 9.

Usiku ndi tochi mumangoona maso awiri akuwala simudziwa kuti ndi a chani. Nguluwe ikapanikizidwa ndi agalu imabwerera kwa anthu ndipo imang'amba, wamkulu akwera mumtengo nanga mwana? Agalu akumapulazi ambiri sanabayidwe katemera wa chiwewe, amalumana ndi ankhandwe kutchire kenako mmawa akunyambita ana anu.

Ndipo poti mwatchula za kumapulazi ndinenerepo ichi kwa nonse. Mukakumana ndi nkhaka, nyama ya mamba ija yomwe pa Chingerezi amati pangolin, musaitole, musaiike mthumba, musamvere za munthu wakuti ali ndi wogula ku Harare, anthu ambiri ali ku ndende ya Chikurubi chifukwa cha kanyama kameneka, mlandu woyamba womwe ndi zaka 9. Nsato nayonso ndi yotetezedwa mwapadera. Muuzeni mwana aione, asangalale, muimbire a ZimParks ngati ili pangozi. Nyama yomwe mwaipeza itafa yokha, kaya ndi ng'ombe kaya ndi yakutchire, musasende musadye, nthenda ya anthrax imalowera pa chikopa ndi mmimba momwe ndipo kumapeto kwa 2023 inavuta kuno, ku Zambia ndi ku Malawi komwe.

Alamuwo musakangane nawo, ingowauzani kuti ana ali ndi homuweki.

FUNSO: Amalume, bwana wanga anatitenga ku famu kwake ine ndi mwana wanga wa zaka 8, anawombera impala ife tikuona. Mwanayo analira njira yonse ndipo nyamayo wakana kudya, anzanga akuti ndamulera ngati mtsikana. Kunyumbanso akazi anga ndi a Chishona, mutupo wawo, nyama yoimira mtundu wawo, ndi Mhofu yomwe ndi ntchefu, akuti nyama yakutchire isalowe mu filiji mwawo. Nditani? (Bambo wa ku Highfield)

YANKHO: Achimwene, mwana wolira ataona nyama ikufa alibe vuto, amene ndingamuope ine ndi woseka. Anzanuwo asiyeni. Mwana wamtauni nyama amaidziwira mu pulasitiki ya ku butchala, nde mwamuchotsa pamenepo nkukamuika pa kulira kwa mfuti, magazi ndi maso a impala tsiku limodzi, zachuluka. Musamukakamize kudya ndipo musamuseke pagulu. Khalani naye pansi mumuuze chilungamo, kuti nyama yonse yomwe timadya inali yamoyo, ndipo mlenje wabwino ndi amene amapha msanga osaizunza komanso osataya kanthu. Bwererani mmbuyo pang'ono, kawedzeni naye ku damu la Darwendale, Khirisimasi ikafika agwireko miyendo ya nkhuku ngati akufuna. Ulendo wina mumufunse, akati ayi ndi ayi, akati inde mumupatse ntchito yake, yoyang'ana mapazi kapena kunyamula botolo la madzi. Ena amadzakonda tchire koma osafuna kupha mpaka kalekale, ameneyonso ndi mwana wanu.

Za mayi akunyumba, mutupo si nkhani yochita nayo makani. A Mhofu sadya ntchefu, ndipo akuluakulu awo amati ukadya mutupo wako mano amaguluka, kaya inu mukukhulupirira kaya ayi ulemu wake ndi womwewo womwe mumafuna iwo apereke ku miyambo ya kwanu. Afunseni bwino ngati akukana nyama yonse kapena akuopa kuti tsiku lina mudzabweretsa ntchefu osawauza. Mwina mukalonjeza kuti imeneyo sidzaponda pakhomo, ndipo yakutchire izikhala ndi poto wake ndi chidebe chake, mtima udzatsika. Akakanabe kadyereni kwa achemwali anu.

Nyamayo ikamabwera kunyumba kuli ana samalani ziwiri izi. Itumbulidwe msanga ikangofa ndipo ipachikidwe pamthunzi izizire, osati kuikulunga mu tenti kumbuyo kwa bakkie dzuwa lonse la Masvingo road. Ndipo pomwe padutsa chipolopolo dulani mowolowa manja mutaye, musapatse ndi galu yemwe, chifukwa mtovu umanyenyeka tizidutswa tosaoneka ndipo ndi poizoni ku ubongo wa mwana ndi kwa mayi woyembekezera. Nkhanga ya chifefe muzichotsa timapeleti musanaphike. Njiri ndi nguluwe zipse mpaka mkati. Yotsala lezani chimukuyu, nyama youmitsa ija, June ndi July ntchentche zimakhala zochepa chimauma bwino, ndi mmene magetsi akuzimiramu filijiyo musaidalirenso kwambiri.

FUNSO: Amalume ine ndine mtsikana wa zaka 16 ndili Form 4, ndikufuna kudzagwira ntchito yoperekeza alendo kutchire kapena yosaka yeniyeni ija ya laisensi. Kunyumba akundiseka akuti nza azungu ndi amuna. Zimatheka? (Mtsikana wa ku Mbare)

YANKHO: Zimatheka mwana wanga koma njira yake ndi yaitali, laisensi ya ku Zimbabwe imadziwika kuti ndi imodzi mwa zovuta kupeza mu Africa muno. Mayeso amayendetsa a ZimParks mogwirizana ndi bungwe la Zimbabwe Professional Guides Association. Umayamba ndi olemba, za malamulo, za makhalidwe a nyama ndi mitengo, za mfuti, ukakhoza umakhala wophunzira pansi pa munthu wa laisensi kwa zaka zosachepera ziwiri ukulemba zonse zomwe wachita mu buku, kenako mayeso owombera, ofunsidwa pamaso, ndi omaliza a kutchire komwe amakuona mmene ukuchitira pamaso pa njovu ndi njati zenizeni. Ambiri amabwereza.

Oseka aja uwauze za Akashinga, gulu la amayi oteteza nyama lomwe linayamba mu 2017 ku Phundundu cha ku chigwa cha Zambezi, amayi akumudzi onyamula mfuti. Ngati sukulu ikukuyendera, ku Chinhoyi University of Technology kuli maphunziro a zanyama zakutchire, ndipo a ZimParks ali ndi koleji yawo ku Mushandike kufupi ndi Masvingo.

Pakali pano limbikira sayansi ndi Chingerezi poti alendo uzidzalankhula nawo tsiku lonse. Funsa aphunzitsi ako ngati sukulu yanu ingapite ku Rifa, kampu ya ana asukulu yomwe a Zimbabwe Hunters Association amayendetsa kufupi ndi Chirundu. Yamba kuloweza mbalame ndi mitengo ya ku Mukuvisi, maina ake a Chingerezi, a Chishona ndi a kwathu, ukapeza mpata chita kosi ya chithandizo choyamba. Zaka zikakwana tenga laisensi ya galimoto, ndipo Loweruka uzipita kwa amakanika aku Magaba ukaphunzire kusintha tayala ndi kumanga fanibeluti, chifukwa wophunzira ku kampu ntchito zimenezo zimagwera iyeyo.